Basi Yosanyamula Nsomba ndi Mwendo wa Akazi Anga

Kumchenga,
Senga Bay,
Salima.
Lachisanu, 16 Novembala, 1979.

Kwa Bwana Tcheyamani,
Komiti ya Maulendo ndi Kukongoletsa Tauni,
Pa Boma.

Bwana wolemekezeka,

Ndayamba ndi kugwada, ngakhale kuti mawondo anga masiku ano akagwada safuna kudzukanso. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi amayi kunyumba, ana, ndi mamembala onse a Komiti. Kuno tili moyo.

Dzina langa ndine Sidiki Jafali, nkhalamba ya kuno kumchenga. Simungandikumbuke, ndipo palibe chifukwa choti mundikumbukire. Ndine uja ndimaima kumbuyo pa misonkhano yanu, wa chipewa choyera chothetheka, amene amachedwa kuyamba kuomba m'manja chifukwa khutu lamanzere linafa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, bambo anga atamva kuti aphunzitsi a mishoni ayamba kunditcha dzina lina. Kulemba kwenikweni ndinaphunzirira pa matumba a thonje, ndili wonyamula katundu pa siteshoni ya sitima. Choncho mukapeza mawu opindika m'kalata muno, cholakwa ndi dzanja, mtima ndi woongoka. Khadi la chipani ndili nalo, akazi anga a Tausi ali nalo, ndipo mwana wathu amene ali ku esiteti ya fodya ku Kasungu tinamudulira lake ngakhale kuno kulibe.

Makalata atatu ndinapereka kale kwa mesenjala wanu. Sindikudandaula kuti sanayankhidwe. Ndikudziwa kuti mapepala ndi osowa, ndipo mnzanga wina anandiuza kuti anagula mtedza pa khonde la ofesi yanu wokulungidwa m'pepala la zolemba zanga. Ndinasangalala kumva kuti linagwira ntchito. Kalata ino ndaikhoma ndi misomali inayi pa bolodi la malamulo pa siteji yathu, kuti isakuvutitseni kusunga, ndiponso kuti anthu onse aone kuti kumchenga kuno alipo munthu wodziwa kuthokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha basi. Munatiuza pa msonkhano kuti popeza njanji yafika ku likulu latsopano, Salima sangakhalenso ngati mudzi, ayenera kuyenda ngati mzinda. Ife amene sitinauonepo mzinda tinavomera. Basiyo itafika mwezi wathawu tinaiona ndi maso athu: yobiriwira, mawindo agalasi otsetsereka, mipando yofewa, ndi belu la chingwe. Tinaima padzuwa kuchokera m'mawa mpaka nthawi ya swala ya masana, pemphero lathu la ku msikiti, itapitirira, kudikira kuti mudule kansalu. Mutadula, inu ndi Komiti munakwera, ife n'kuthamanga pambuyo tikuimba mpaka pa mlambe. Ine ndinafika pa mlambepo anthu akubwerera kale, koma fumbi lake ndinalawa nawo, ndipo ndikuchitira umboni kuti linali fumbi la basi yatsopano.

Ndithokozenso pomwepa chifukwa cha zikwangwani za masiteji. Kale sitinkadziwa kuti malo oimapo galimoto amayezedwa ndi chingwe. Anthu anu anayeza, n'kuzika chikwangwani pa mailo iliyonse, monga akuti amachitira ku mizinda. Chikwangwani chachinayi chinagwera pakati pa dambo, pamene pamakhala achule okha, ndipo basi imaima pamenepo mokhulupirika tsiku lililonse, n'kutsegula chitseko. Mudzi waukulu uli patsogolo pang'ono, pakati pa zikwangwani ziwiri, ndiye imaupitirira. Anthu a m'mudzimo ndiwo analakwa kumanga nyumba zawo chingwe chisanabwere.

Chachiwiri, zikomo potichotsera lole ya a Mustapha pamsewu. Munanena zoona kuti inkatichititsa manyazi pamaso pa alendo opita ku mahotela. Chitseko chake chinali chomanga ndi waya, nyali inali imodzi, ndipo kuti ilire pankafunika amuna asanu okankha ndi pemphero la mwini wake. Inalinso yopanda mwambo, chifukwa inkanyamula chilichonse: madengu a usipa, mbuzi, matumba a mchere, amayi oyembekezera, ngakhale maliro ochokera ku chipatala. Inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndipo wodwala inkamutsatira mpaka pakhomo. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri takhala tikufika pa boma tsiku lililonse mochititsa manyazi chotero, ife osadziwa. Lero ili kuseri kwa nyumba yawo, yakhalira njerwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. A Mustapha amakhala pambali pake kusoka maukonde a eni ake. Akuti nawonso akuthokoza, kungoti sadziwa kulemba.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha kanyumba kodikiriramo basi. Apa ndithokoze motalikirapo, chifukwa m'nyumba mwathu muli chikumbutso chake.

Komiti italamula m'mwezi wa Ogasiti kuti khomo lililonse lipereke munthu wotuta njerwa, ine msana unali utandigwira, ndiye anapita a Tausi. Ndi mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Ntchito yawo chiyambire utsikana ndi kung'amba ndi kuwamba nsomba, njerwa sanazizolowere. Tsiku lachitatu uvuni unagumuka mbali imodzi, njerwa yotentha n'kuwagwera pa msongolo wa mwendo wamanja. Inasenda khungu ndi mnofu malo aakulu ngati chikhatho. Amene ankalemba mayina a obwera ku ntchito anawalemba kuti tsiku limenelo agwira theka.

Kanyumbako kanatha, ndipo n'kokongola, ka laimu woyera ndi denga la malata. Popeza anthu a kuno tikhoza kukadetsa, Komiti inaikapo chitseko cha waya ndi loko. Timadikirira basi kunja, n'kumasuzumira benchi imene ili m'katimo. Mpaka lero ili yatsopano.

Bala lija linakana mankhwala a kunyumba. Tinapita nalo ku chipatala pa boma, pa lole yochititsa manyazi ija, Lachiwiri lililonse. Anamwino a kumeneko, a Gladys, ankalitsuka, kulimanga ndi kubaya jakisoni, ndipo anatiuza kuti tisaphonye Lachiwiri ngakhale limodzi kufikira litatseka. Linayamba kutsekadi. M'mbali mwake munayamba kumera khungu lofiirira, ndipo a Tausi anayambanso kundikalipira ataimirira. Kenaka chitukuko chinafika.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha malamulo khumi ndi awiri amene ali pa bolodi, makamaka lachisanu ndi chiwiri, lonena kuti nsomba, yaiwisi kaya youma, siloledwa m'basi. Lamulo limeneli ndaliganizira masiku ambiri nditakhala pansi pa thandala loyanikapo usipa, ndipo ndaona kuti ndi la nzeru zakuya. Kuno munthu akamapita pa boma amapita ndi nsomba, akamabwerako amabwera ndi zimene nsomba yagula. Wopita kukaona wodwala amatenga nsomba. Wopita ku mlandu amatenga nsomba. Poletsa nsomba mwateteza mipando kwa anthu onse nthawi imodzi, popanda kutchula munthu dzina. Ine nzeru zotere sindikanazipeza.

Basi imanyamuka m'mawa mabwato asanakocheze n'komwe, kuti anthu a m'maofesi asachedwe. Anthu a m'maofesi kuno tili nawo atatu, ndipo mmodzi ali ndi njinga yamoto. Awiri otsalawo amakhala wina kutsogolo wina kumbuyo, kuti basi ioneke yodzaza mbali zonse. Amayi a madengu amayenda wapansi mailosi khumi ndi awiri, basi n'kuwapitirira ndi hutala. Akamafika pa msika usipa umakhala utaphwanyika, koma miyendo yawo yalimba kwambiri mwezi uno, ndipo chimenecho ndi chitukuko cha thupi.

Chachisanu, chimene ndi chachikulu, zikomo chifukwa cha a Lenard, kondakitala wa basi, alamu anu. Ulamuwo sindikuutchula mwa miseche. Ndikuyamikira kuti munafunafuna m'boma lonse munthu woyenera ntchito imeneyi, n'kumupeza pafupi chonchi, kwawo kwa akazi anu ku Chitala.

Ndivomere kuti anthu athu ndiwo anayamba chinyengo. Masiku oyamba amayi ankabisa usipa m'maduku, m'mapilo ndi m'maketulo. Mayi wina, amene dzina lake ndaliiwala dala, anabereka kampango wamkulu kumbuyo, n'kumuveka kachipewa ka ubweya, n'kumamugwedeza kuti agone. Anafika naye mpaka pa mlatho, pamene mnzake wokhala naye pafupi anafuna kuona ngati mwanayo wafanana ndi bambo ake, n'kupeza ndevu. Zitatero Komiti yanu inakhala pansi n'kugamula kuti maso okha sakwanira, a Lenard azinunkhiza.

Ndiye m'mawa uliwonse okwera amaima pa mzere, khadi kudzanja lamanja, lamanzere atatambasula. A Lenard amayamba ndi zikhatho, kenaka m'khosi mwa malaya, kenaka katundu. Akatsinzina n'kupukusa mutu, munthu amadziwa yekha, amachoka pa mzere. Iwowa anakulira ku chimanga, nsomba anaidziwira m'mbale, choncho kwa iwo munthu wonyamula nsomba ndi munthu wonunkha nsomba ndi mmodzi. Tinayesa kuwafotokozera kuti lamulo likunena za nsomba, silikunena za anthu. Anatiyankha kuti mipando siwerenga malamulo, imangotenga fungo. Munthu wa Sitandade 2 sangatsutsane ndi mpando.

Masiku ano mphuno imeneyi ikulemekezedwa kuno kuposa shehe wathu. Anthu akakumana m'mawa amafunsana ngati yadzuka bwino, ndipo ena amayang'ana kumene mphepo ikuchokera asanasankhe malo oima pa mzere.

Tsopano mundilole, Bwana, ndikufotokozereni mmene masiku a Lachiwiri anayi apitawa atiyendera, kuti mudziwe kuti malamulo anu akusungidwa bwino.

Pa 23 Okutobala tinafika pa siteji moyambirira. A Tausi awamba nsomba zaka makumi anayi ndi zisanu. Utsi ndi mafuta a chambo zinalowa m'zikhatho mwawo, m'tsitsi, ngakhale m'bokosi la zovala za Idi. Ine fungolo ndinasiya kulimva chaka chimene tinakwatirana. A Lenard analimva asanafike n'komwe pamene tinaima, ndipo anati amayi ayambe akasamba. Ananena zimenezi pamaso pa mzere wonse, kwa mayi amene wakhala akusamba kasanu pa tsiku pokonzekera swala kuyambira iwo asanabadwe. A Tausi sanakwiye. Anawatchula mwana wawo, n'kuwauza kuti anunkhize bwinobwino, chifukwa fungo limenelo ndilo linafolera msikiti ndi malata. Ine a Lenard anandiuza kuti ndikhoza kukwera popeza ndimangonunkha fodya. Ndinathokoza, koma ndinaona kuti kupita ndekha kukaonetsa a Gladys mwendo wanga wabwinobwino sikungathandize.

Sabata yotsatira tinakonzekera ngati ukwati. Masiku asanu a Tausi sanakhudze nsomba, ndipo popeza nsomba ndiyo imatidyetsa, tinadya chinangwa chootcha ndi madzi. Anasamba ndi sopo, phulusa ndi mandimu mpaka zikhatho kusupuka. Mayi Eveles, akazi a aphunzitsi, amene sadya nsomba chifukwa imawatulutsa ziwengo, anatibwereka diresi, chitenje ndi duku. Ndipo Mulungu anationjezera mwayi: a Lenard anadzuka ndi chimfine, mphuno itatsekeka mbali zonse. Mudzi wonse unamva, anthu n'kubwera ndi madengu poyera, ena anavala ndi nsapato. Tinadikira mpaka dzuwa kufika pamutu. Basi inadutsa osaima, itadzaza amayi a yunifolomu opita kukayeseza magule a msonkhano wanu wa pa bwalo. Sabata yonseyo basi inali yawo. Ankaimba bwino. Chimfine chinatha tsiku limene basi inabwerera kwa ife.

Pa sabata yachitatu zovala za eni zinali zitabwezedwa, ndipo njala inali itatibwezera ku moto wa nsomba. A Lenard anati utsi. Ndinakabwereka njinga, n'kuwakweza a Tausi pa kaliyala. Koma mwendo ukalendewera magazi amatsikira pa bala, ndiye tisanafike pa mlambe anachita chizungulire, tonse awiri n'kugwera mu mchenga. Anatitola ndi amayi a madengu aja.

Lachinayi lake ndinayenda wapansi kubwera ku ofesi yanu, kudzapempha kakalata koti a Lenard apumitse mphuno kwa munthu mmodzi yekha. Ndinakhala pa benchi yapanja kuyambira mesenjala akusesa mpaka akutseka mawindo. Munatuluka kawiri. Koyamba munandiuza, mukuyenda, kuti lamulo la Komiti silisinthidwa ndi munthu mmodzi, ngakhale Tcheyamani amene, ndipo kuti Komiti idzakhalanso pansi mvula ikatha. Mvula sinayambe. Kachiwiri simunanene kanthu, chifukwa munali ndi chakudya m'kamwa.

Apa ndi pamene pali chothokoza changa chachisanu ndi chimodzi, chimene sindinkachiyembekezera. Chitseko chili chotsegula ndinaona mbale pa tebulo lanu. Munali chambo chowamba, chong'ambidwa chakumsana, chochekedwa timizere titatu topingasa kuti mchere ulowe. Timizere titatu timeneto ndi dzanja la a Tausi. Pa gombe lonse lino palibe wina amacheka choncho. Pamenepo ndinadziwa kumene imapita katoni ija imene a nthambi ya chipani amasonkhetsa kwa owamba nsomba Lolemba lililonse, amati ndi ya alendo a boma. Ndinakafunsa dalaivala wa basi, munthu wosabisa mawu. Anandiuza kuti katoniyo imakwera Lachiwiri lililonse, pa mpando woyamba kuseri kwa iye, pafupi ndi windo, itafunditsidwa nsalu ya pa tebulo, ndipo amaikweza ndi manja awo a Lenard.

Bwana, misozi inalengeza m'maso. Ine ndinkaganiza kuti m'banja mwathu palibe amene anakwerapo basi yatsopano. Chonsecho ntchito ya manja a akazi anga imakwera sabata iliyonse, pa windo, eni manjawo atakhala pansi kunja akuiyang'ana ikupita. Ndikhulupirira kuti chinali chokoma. Ngati mchere unachepa muwakhululukire, chifukwa chimenecho anawamba atakhala pansi, mwendo atasanjika pa mtondo.

Ndisanabwerere tsiku limenelo ndinadzera ku chipatala. A Gladys atamva mmene bala likuonekera anasiya kulemba. Anandipatsa mabandeji ndi mankhwala otsukira, koma anati jakisoni sangandiikire m'thumba. Galimoto ya odwala ndi imodzi m'boma lonse, ndipo imathamangira amayi ovutika pobereka, ndiye sindingaidandaule. Anandiuza mosabisa kuti ngati mayiwo saoneka pofika pa 20 mwezi uno, adokotala sadzakambanso za kutsuka. Adzakamba za kudula, ndipo chotsala chidzakhala kusankha malo, pansi pa bondo kapena pamwamba.

Lachiwiri lapitali sitinavutikenso ndi mandimu. A Tausi anali asanayandikire moto wa nsomba masiku asanu ndi atatu, osati chifukwa cha lamulo, koma chifukwa sakuimiriranso. Anansi awiri anandithandiza kuwanyamula pa mkeka mpaka pa siteji. A Lenard atafika pa ife anawerama, n'kubwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Anati izi ndiye zanyanya, anthu a kunyanja tayamba kubisa nsomba yowola m'mabandeji, timasule aone. Ndinawauza kuti si nsomba. Anati onse amatero.

A Tausi, amene chiyambire ukwati wathu sanaonetsepo mwendo kwa mwamuna wachilendo, anamasula okha pamaso pa anthu, pang'onopang'ono chifukwa nsalu inali itamatirira. A Lenard anayang'ana, ndipo ndiwachitire chilungamo, nkhope yawo inagwa. Anapita pa bolodi, n'kuwerenga malamulo onse khumi ndi awiri akuloza ndi chala, kufuna limodzi loti liwathandize. Atabwerako ananena motsitsa mawu kuti zoonadi si nsomba, koma fungo ndi fungo, mipando ndi ya Komiti, iwo ali ndi ana asanu, ndipo pakapezeka banga pa mpando alamu awo sadzawamvera. Anakoka chingwe cha belu. Katoni yanu inali pa windo.

A Lenard sindikuwada. Mphuno ndi yawo, koma amene anailemba ntchito ndi ena.

Masiku atatu awa ndakhala ndikuganiza zambiri, ndipo zina ndi zosayenera munthu wa khadi. Nthawi ya azungu ndinkakwera sitima m'bogi ya kumbuyo, pamodzi ndi nkhuku ndi matumba, ndipo inu amene munaphunzira munadzatiuza kuti chimenecho ndi chipongwe. Chinalidi chipongwe. Ndinayenda nawo wapansi kukaponya voti kuti chithe, ndipo sindinong'oneza bondo. Ndikungokumbuka, monga nkhalamba zimakumbukira zinthu zopanda pake, kuti bogi ya kumbuyoyo inkafika pa siteshoni nthawi imodzi ndi ya kutsogolo.

A Tausi sakufuna kuti ndilembe kalata ino. Akuti ndine wamakani ngati bambo anga, ndipo mwendo umodzi ndi wokwanira kwa munthu amene saloledwa kupita kulikonse. Amanena akuseka, koma ndawapeza kawiri akusisita chala chachikulu cha phazi limenelo ngati akutsanzikana nacho. Mayi ameneyu ndinamuona koyamba akuthamangira bwato la bambo ake m'madzi ofika m'mawondo, dengu lili pamutu. Sindinakonzeke kumuona akukwawa kupita kuseri.

Ndafika pa mapempho, ndipo ndi awiri okha. Sindikupempha kuti lamulo lisinthe, ndamva kuti iyambe yagwa mvula n'kutha. Sindikupemphanso kuti lole ibwerere, chifukwa nkhuku zija zayamba kufungatira.

Amisiri amene akukonza khonde la msikiti andibwereka wilibala. Ndayalamo mkeka ndi pilo, ndakhomerera thabwa kutsogolo loti mwendo ugonepo, ndipo gudumu ndalithira mafuta kuti lisalire. Pepani, ndi mafuta a nsomba, ena ndinalibe. Lachiwiri likudzali, ikangotha swala ya m'bandakucha, ndiwakweza a Tausi n'kuyamba kukankha. Ndaona kuti ndi msana wangawu, tikamapuma pa mtengo uliwonse wa mthunzi, tikafika a Gladys asanaweruke, Insha Allah. Basi idzatipeza cha ku mlatho. Pempho langa loyamba ndi lakuti muuze dalaivala asatiimbire hutala. Msewu ndi wopapatiza pamenepo, ndipo wilibala ikapatukira mu mchenga sindingathe kuitulutsa ndekha. Angochepetsa liwiro, atilambalale bwinobwino, fumbi lisalowe pa bala.

Pempho lachiwiri ndi ili. Anzanga amene ndawawerengera kalatayi lero potuluka mu msikiti andiuza kuti ndapenga. Akuti pepala lotere likakhomedwa poyera pamabwera Landirova ya apolisi kudzatenga mwini dzanja, ndipo kumene imapita anthu sabwerako msanga. Ena anayamba kuchoka ndisanamalize kuwerenga. Ine ndakalamba, Bwana, kumene mungandisunge ndikakhala, ndipo sindidya zambiri. Ngati nzeru zanu zaona kuti ndiyenera kutengedwa, sindidzathawa, ndilibenso mawondo othawira. Ndikungopempha, ndi ulemu wonse umene ndili nawo, kuti Landirovayo muitumize Lachiwiri, m'mawa ndithu tisananyamuke, osati Lachitatu. Ndamva kuti kumbuyo kwake n'kotakasuka, munthu atha kugona atatambasula mwendo, ndiponso kuti okweramo sawanunkhiza. Njira ya ku polisi imadzera pa geti la chipatala. Aime pamenepo pang'ono, atsitse a Tausi, awauze a Gladys kuti afika, ine ndipitirire nawo ulendo.

Nyumba yathu ndi yachitatu kuchokera pa msikiti, ya chitseko cha bango. Tidzakhala titavala kale.

Ndatha ine wantchito wanu wodzichepetsa ndi wothokoza,

Sidiki Jafali.